Mmisiri akamwalira, nzeru zake zimatsala ndi ndani?

Mwezi wathawu tinapita ku manda a Chingwere kukaika bambo wina amene komboni yonse inkangowatchula kuti a Injiniya, ngakhale sanaphunzireko ku yunivesite. Wowerenga mbiri ya malemu anaima kumutu kwa manda n'kunena kuti bambowa anali wopanga makina atsopano, wabizinesi, ndiponso mtsogoleri wa anthu. Palibe anatsutsa. Amayi a kumsika ankagwedeza mitu, pakuti makina operera chiponde amene ambiri a iwo amadyerapo anatuluka m'manja mwa malemuwo. Achimbuya athu, Abemba, amene mwa mwambo timasekana nawo, anali atatipaka kale ufa kumaso monga zimakhalira pa maliro a muno mu Lusaka, koma nawonso analeka nthabwala n'kutchera khutu.

Pobwerera, m'basi, mnyamata wina amene anaphunzira ntchito kwa malemuwo anandiyandikira. "Amalume," anatero, "nanga makina aja otonolera chimanga adzawapanganso ndani? Miyeso yonse inali m'mutu mwa abwana." Ndinasowa chomuyankha. Funso lakelo si la banja limodzi. Ku Kalingalinga, ku Garden, ku Matero, ku Chawama ndi ku Kanyama kuli amisiri otere, ndipo aliyense akagona timamulira bwino, timamuika bwino, koma patatha chaka pabwalo pamene ankagwirira ntchito pamakhala patamera udzu. Zimenezi zili ndi zifukwa zake, zina za m'mbiri ya dziko, zina za m'malamulo, zina za m'mabanja mwathu.

Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo amene anaukonza mzindawu ankaganizira azungu ndi antchito awo ochepa. Anthu ochokera ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi ngakhalenso ku Nyasaland ankabwera kudzafuna ntchito n'kumadzimangira okha pa malo a eni mafamu. Mayina ngati George, John Laing ndi John Howard akusungabe mbiri imeneyo. Ntchito zaluso, zogwira chitsulo ndi magetsi, atsamunda ankazisungira azungu. Munthu wakuda ankakhala wonyamula zida, ndipo luso ankaliba ndi maso, ataima pambali. Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, anthu a m'dziko muno amene anali ndi madigiri a ku yunivesite anali pafupifupi 100 basi. Choncho kuphunzira poonera sinali njira ya anthu olephera sukulu ayi, inali njira imene ambiri anatsala nayo.

Kenako kunabwera zaka zimene zinaumba amisiri ngati a Injiniya. Mu 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzilengezera ufulu, ndipo mu 1973 malire athu ndi dzikolo anatsekedwa. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, zipangizo zosinthira m'makina zinasowanso. Chigayo chikathyoka shafiti, panalibe sitolo yothamangirako. Munthu ankayenera kupita kukasakasaka pa mulu wa zitsulo zakutha, kudula, kuwotcherera, kuyesa, kulephera, kuyesanso. Boma la a Kenneth Kaunda linali litayamba kale, kuchokera pa mfundo za ku Mulungushi za mu Epulo 1968, kutenga gawo lalikulu m'makampani ndi kumanga mafakitale m'zigawo: mabatire ku Mansa, njinga ku Chipata, magalasi ku Kapiri Mposhi, galimoto za Fiat ku Livingstone. M'mafakitale amenewa ndi m'magalaja a makampani a boma munaphunzira anthu ambiri ogwira chitsulo.

Zinthu zitasintha mu 1991, makampani a boma anayamba kugulitsidwa ndipo ena anatsekedwa. Zambia Airways inatha mu 1994, kampani ya mabasi ya UBZ inatsatira mu 1995. Amuna amene anakalambira pa benchi la fakitale anabwerera kukomboni ndi bokosi la zida ndi kandalama kochepa. Ambiri anagula makina owotcherera, n'kuyamba ndi mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mazenera, mbaula ndi mawilibala. Mukayenda mu msewu wa Alick Nkhata m'mbali mwa Kalingalinga lero, mageti ndi mabedi amene aimikidwa m'mphepetemo ndi zidzukulu za nthawi imeneyo. Mwa amisiri ambirimbiriwo mumatuluka mmodzi amene felemu la chitseko silimukwanira. Ameneyo akaona makina ochokera kunja m'sitolo ku Kamwala amawazungulira kawiri, amagwada kuyang'ana kunsi, n'kupita kwawo kukapanga ake olimba kuposa amenewo, oti akawonongeka akhoza kukonzedwa pamsika uliwonse.

Anthu ena amadabwa kuti munthu mmodzi akhale wopanga makina, wamalonda ndi mtsogoleri nthawi imodzi. M'komboni zitatuzi sizilekana. Palibe amene amamulipira mmisiri kuti akhale pansi aziganiza. Ndalama yoyesera makina atsopano imachokera pa mageti amene wagulitsa sabata imeneyo, kapena pa chilimba chimene amaponya ndi anzake, ndipo zikavuta amagwa m'manja mwa a kaloba, obwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu. Banki imafuna chikole ndi mabuku a ndalama, zinthu zimene alibe. Tsono kuti apange chatsopano ayenera kugulitsa, ndipo kuti agulitse kwa anthu osauka ayenera kukongoza. Mayi wofuna makina a chiponde amapereka theka, theka linalo adzapereka akayamba kupera. Kupatsa n'kuika, amatero akuluakulu, ndipo ngongole zoterezi zimamanga ubale umene sitolo ya m'tauni siingaumange. Munthu amene theka la msika lili naye ngongole, amene walera anyamata khumi pabwalo pake, amene ali ndi kagalimoto kotengera odwala usiku, sachita kupempha utsogoleri. Amangopezeka ali wapampando wa komiti ya madzi, msungichuma wa kutchalitchi, woweruza anthu okanganirana malire a puloti. Amakhala m'dambo mozimira moto.

Ndiye akamwalira zimagwa zitatu pamodzi, koma chilichonse chimagwa mwa njira yake.

Tiyambe ndi nzeru za makina. Ambiri tikamva za munthu wopanga chinthu chatsopano timati, bwanji sanatenge patenti? Ndi bwino kudziwa chimene patenti ili. Ndi pangano pakati pa wopanga chinthu ndi boma. Iye amalemba poyera, mwatsatanetsatane, mmene chinthucho chimagwirira ntchito, moti mmisiri wina atawerenga akhoza kuchipanga. Boma nalo limamupatsa mphamvu yoletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chake kwa zaka 20. Zakazo zikatha, nzeruyo imakhala ya aliyense. Kuno ntchito imeneyi ili m'manja mwa PACRA, bungwe lomwelija lolembetsa makampani, ndipo lamulo lake la patenti ndi la mu 2016.

Kuti chinthu chilandire patenti chiyenera kukhala chatsopano padziko lonse, osati mu Lusaka mokha. Chiyeneranso kukhala choti munthu wodziwa ntchitoyo sakanangochiganiza mosavuta, komanso choti chikhoza kupangidwa n'kugwira ntchito. Apa ndi pamene amisiri athu ambiri amagwera. Makina otonolera chimanga analipo kale, chigayo chinalipo kale. Chimene a Injiniya anachita ndi kusintha kakhalidwe ka mano a m'kati kuti njere zisasweke, ndi kuchepetsa makinawo kuti akwere pa ngolo. Kusintha kotere n'kwamtengo wapatali kwa mlimi wa ku Chongwe, koma mwina sikungafike pa muyeso wa patenti. Lamulo la 2016 lija lili ndi khomo lina locheperapo lotchedwa utility model, loteteza kukonza kwa mtundu umenewu kwa zaka zochepa poyerekeza ndi patenti, ndipo muyeso wake ndi wofewerapo. Khomo limeneli ndi limene likugwirizana ndi amisiri a m'komboni, koma sindinakumanepo ndi mmisiri wa kwathu amene analimvapo.

Pali msampha winanso. Chinthu ukachigulitsa kapena kuchionetsa kwa anthu usanapereke pempho, chikhoza kuleka kuwerengedwa ngati chatsopano. Koma mmisiri wathu amayesa makina ake pabwalo, anthu akuona, ndipo akangoyenda bwino amagulitsa tsiku lomwelo kuti apeze ya ufa. Akadzaganiza za mapepala, makinawo amakhala atafika kale m'midzi isanu. Onjezani ndalama yolembetsera, ya munthu wodziwa kulemba pempholo m'chinenero cha malamulo, ndi yolipira chaka ndi chaka kuti patentiyo isafe. Ndipo wina akakubera nzeru, kawirikawiri apolisi sakakugwirira. Uyenera kupita wekha kukhoti ndi loya wako.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mgwirizano wa mayiko a mu Africa pa nkhani zimenezi unabadwira muno. Pangano limene linakhazikitsa bungwe limene lero limatchedwa ARIPO linavomerezedwa mu Lusaka pa 9 Disembala 1976. Likulu lake lili ku Harare, ndipo Zambia ndi Malawi onse ndi mamembala. Kudzera mu pangano la ku Harare la mu 1982, munthu akhoza kupereka pempho limodzi n'kutchula mayiko angapo amene akufuna kuti atetezedweko. Zimandiwawa kuti njira imeneyi inatsegulidwira mu mzinda wathu, koma wowotcherera wa ku Garden amene makina ake amawoloka malire pa Mwami sanauzidwepo kuti ilipo.

Komabe ndinene maganizo anga. Sindikhulupirira kuti patenti ikanathetsa funso la mnyamata uja. M'komboni nzeru zimayenda chifukwa chotengerana. A Injiniya nawonso anaphunzira potsegula makina a anthu ena, ndipo sankakwiya mnzawo akatengera kapangidwe kawo, ankangoti aone ngati adzalimba ngati anga. Chimene ndimachisirira mu patenti ndi gawo loyamba lija la panganolo, loti nzeru ilembedwe. Chojambula chokhala ndi miyeso, kukula kwa mota, kutalika kwa lamba, mtundu wa chitsulo, mpata wa pakati pa mano ndi sefa. Zimenezi zikhoza kulembedwa mu kope la sukulu popanda loya. Malo othandiza alipo. Pa University of Zambia pali nthambi yotchedwa TDAU imene kuyambira m'ma 1970 yakhala ikupanga ndi kuyesa makina osavuta a anthu wamba. Kuli NISIR yochita kafukufuku wa sayansi ndi mafakitale, kuli TEVETA imene imayesa luso la munthu ngakhale analiphunzirira pabwalo n'kumupatsa satifiketi. Ana asukulu ali ndi makalabu a JETS kumene amaonetsa zimene apanga. Koma pakati pa malo amenewa ndi bwalo la mmisiri pali mtunda umene suyesedwa ndi makilomita. Mmisiri amaopa kuti akapita kumeneko anthu a mataye akamulanda nzeru, ndipo nawonso a kumeneko safika kawirikawiri kumene kukuthetheka moto wowotcherera.

Mbiri ya munthu imatsala mmene ena anailembera. Edward Mukuka Nkoloso, amene anamwalira mu 1989, anali mphunzitsi, msilikali wa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndiponso womenyera ufulu. Mu 1964 ankaphunzitsa achinyamata kufupi ndi Lusaka kukonzekera ulendo wa kumwezi, akumawagubuduza m'migolo. Atolankhani akunja anamujambula n'kumuseka, ndipo zambiri zimene dziko limadziwa za iye lero zinachokera kwa omusekawo. Kutsidya kwa malire, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu. Iye akudziwika padziko lonse chifukwa anthu anafika pakhomo pake, analemba, ndipo iyenso anafotokoza nkhani yake ndi pakamwa pake. A Injiniya athu anatsala ndi mapepala awiri a mbiri imene inawerengedwa kumanda.

Tsono bizinesi. Amisiri ambiri amene analembetsako ku PACRA analembetsa dzina la bizinesi chabe. Pamaso pa lamulo, bizinesi yotere ndi mwini wake ndi munthu mmodzi. Makina ndi ake, ngongole ndi zake, akaunti ya kubanki ndi yake. Akamwalira zonsezo zimalowa mu chuma cha masiye. Kampani ya limited ndi yosiyana: imaima payokha ngati munthu, imakhala ndi katundu wake, ndipo mmodzi wa eni ake akamwalira iyo imapitirira. Chimene olowa m'malo amagawana ndi masheya, osati zitsulo. Kusiyana kumeneku kumaoneka kwa papepala chabe munthu ali moyo, koma tsiku la maliro likadutsa kumaoneka ndi maso. Akaunti imatsekedwa mpaka khoti litasankha woyang'anira chuma. Ndalama za pa foni zili pa nambala ya malemu. Makasitomala amene anapereka theka akubwera kudzafunsa makina awo, amene anali ndi ngongole akhala chete, ndipo kope la ngongole, ngati linalipo, analemba m'njira imene ankaimva mwini wake yekha. Anyamata a pantchito amadikira sabata ziwiri, itatu amapita kukafuna ganyu kwina.

Munthu akamwalira osasiya wilo, lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 ndi limene limagawa. Mkazi kapena mwamuna wotsala amalandira magawo 20 pa 100 aliwonse, ana 50, makolo a malemu 20, ndipo ena amene ankadalira malemuwo 10. Nyumba imatsalira wamasiye ndi ana, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Lamulo limeneli linabwera kudzaletsa nkhanza yolanda katundu, imene amayi ambiri a msinkhu wa amayi anga anaiona ndi maso: maliro asanathe, achibale a mwamuna anyamula mabedi ndi mapoto. Linapulumutsa mabanja ambiri, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Woyang'anira chuma si mwini chuma. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa, kubweza ngongole ndi kugawa, ndipo safunika kugulitsa katundu popanda chilolezo cha khoti.

Kwa ife Achewa nkhaniyi ili ndi mfundo ina yovuta. Mwa mwambo wathu munthu amawerengedwa kuchikazi, ndipo kale amene ankalowa m'malo mwa mwamuna anali a mbumba yake, abale ake ndi ana a alongo ake. Kawirikawiri mnyamata amene analeredwa pabwalo la mmisiri, amene anatumizidwa kuchokera ku Katete ali wamng'ono kuti akaphunzire ntchito kwa amalume ake, ndi mwana wa mlongo ameneyo. Iye ndi amene amadziwa makina. Ana obereka a mmisiri mwina anaphunzira sukulu, wina ndi namwino, wina ali ku Kitwe, ndipo sanagwirepo chowotcherera. Lamulo likupereka gawo lalikulu kwa anawo, ndipo n'zoyenera. Mwambo ukuloza kwa mwana wa mlongo, ndipo luso lili m'manja mwake. Pamsonkhano wa banja aliyense amakhala ndi mfundo yoona, n'chifukwa chake mikangano yake imapweteka kwambiri.

Ndalama zimagawika pa 20, 50, 20 ndi 10. Malo ogwirira ntchito sagawika choncho. Wina akatenga makina owotcherera, wina chopalira zitsulo, wina jenereta, wina kagalimoto, aliyense wapita ndi chitsulo choti akagulitse motchipa, ndipo chimene chinkadyetsa mabanja khumi chatha. Jenereta ndaitchula dala. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo amisiri amene anapitiriza ntchito ndi amene anali ndi jenereta kapena amene ankadzuka pakati pa usiku magetsi akabwera. Kuchotsa chida chimodzi chotere ndi kutseka bwalo lonse. Malo enieniwo nawonso ali ndi nkhani yawo. M'makomboni ambiri chimene munthu ali nacho ndi chiphaso cha khonsolo chomulola kukhala pamalopo zaka 30, ndipo amisiri ena amagwirira m'mphepete mwa msewu pamene alibe pepala lililonse. Amawalekerera chifukwa cha ulemu wa munthuyo, ndipo iye akapita, mawa lake pamakhala pataima kantemba ka wina.

Wilo ikanathandiza pa zambiri mwa zimenezi. Lamulo la mawilo, nalonso la mu 1989, silifuna zambiri: ilembedwe, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo zisainenso. Ndi bwino kuti mboni zisakhale anthu olandira nawo chumacho. Mu wilo mmisiri akhoza kunena kuti zida zisagawidwe, kuti wakutiwakuti ayendetse ntchito, ndipo phindu lizipita kwa mayi ndi ana. Koma timaopa. Timati kulemba wilo ndi kudziitanira imfa, kapena kupatsa achibale chifukwa chokufulumizitsa. Ndamvapo amuna olimba mtima, amene amagwira chitsulo chofiira ndi moto, akukana nkhaniyi ngati akana njoka. Sindiwaseka, chifukwa mantha amenewo ndinakulira nawo inenso. Koma ndaona zimene amatsala nazo amayi ndi ana.

Za utsogoleri ndinena mwachidule, pakuti umenewo sulembedwa mu wilo. Komiti imasankha wapampando wina. Chimene chimasowa ndi munthu amene pampu ikafa ankabwera ndi zida zake osafunsa ndalama, ndi amene nthawi ya kolera, ngati ija ya kumayambiriro kwa 2024 pamene bwalo la Heroes linasanduka chipatala, ankawotcherera zoikapo zidebe zosambira m'manja pamsika ndi patchalitchi.

Sabata yatha ndinadutsa pabwalo la a Injiniya. Makiyi ali ndi amayi a kunyumba, ndipo banja lagwirizana kuti pasachoke kanthu mpaka msonkhano wa mwezi wamawa, abale a ku Katete akadzafika. Pakona pali makina otonolera chimanga amene malemu anawasiya pakati, opanda chivindikiro. Mnyamata uja ndinamupeza atagwada ndi tepi, akuyesa chitsulo chilichonse n'kulemba mu kope, ndipo mwana wamkazi wa malemu, amene ndi namwino, ankajambula ndi foni. Muyeso umodzi wawavuta, mpata wa pakati pa mano ndi sefa, chifukwa sefayo inali isanaikidwe. "Amalume," anandiuza mnyamatayo, "kuli mlimi wina ku Chongwe amene anagula makina ngati awa zaka zitatu zapitazo. Tamuimbira. Wavomera kuti Loweruka tipite tikawamasule, tiyese, tiwamangenso dzuwa lisanalowe."